Anati ku Mzuzu sikukwana ola limodzi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine Esinati, wa ku Nkhulambe. Sinditha kuyankhula pagulu, choncho ndalemba, ndipo mundikhululukire pomwe ndaphonya. Ndikufuna kunena mmene anandinamizira munthu amene ndinkamutenga ngati kholo.

Nditalekeza sukulu mu Sitandade 8, ndinkalera mwana wa mayi wina wa mu ofesi pa boma la Phalombe, amene tinkapemphera naye mpingo umodzi. Atawasamutsira ku Karonga, anapempha kuti anditenge. Amayi anga anakana, chifukwa ankadwaladwala ndipo mwana wamkazi ndine ndekha. Adonawo anachita kugwada pamkeka, nati: "Amayi, musaope. Bwalo la ndege lili pafupi ndi nyumba. Kuchoka ku Karonga kukatera ku Mzuzu sikukwana ola limodzi, ndipo ku Mzuzu mabasi a ku Blantyre sasowa. Mukangodwala, ndidzamukweza ndege ndekha." Amayi anavomera.

Popita tinakwera lole ya katundu. Ine ndinali kumbuyo, pansi pa tenti, ndikusanza njira yonse, moti Mzuzu sindinamuone.

Patatha chaka kunabwera kalata ya mlongo wanga yonena kuti amayi agonekedwa m'chipatala ndipo akungotchula dzina langa. Ndinaipereka kwa adona ndi manja awiri. Anaiwerenga, kenako anaseka. "Iwe pa ndege? Ndege ndi ya anthu opita ku misonkhano. Nanga mwanayu atsala ndi yani?" Ndinadikira masiku atatu ndikuganiza kuti akuseleula. Sanaitchulenso nkhaniyo. Ndege ikamadutsa pamwamba pa nyumba, ndinkabisa nkhope m'matewera amene ndinkayanika.

Kwathu mtunda timauyeza ndi miyendo. Pamene njinga imayenda ola limodzi, wapansi amayenda atatu. Ndinati ndege ithamange bwanji, tsiku limodzi ndikafika ku Mzuzu. Ndinanyamuka m'mawa ndi kalata ija ndi chitenje chimodzi.

Ndinayenda masiku awiri. Patapata anaduka, mapazi anatupa. Mayi wina wogulitsa nthochi anandiuza kuti ngakhale theka la njira sindinafike. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, ndipo pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, ndikangowapeza akupuma.

Posakhalitsa panaima lole ya mpunga kuti athire madzi mu injini. Ndinapempha akumwa. Dalaivala wake, bambo wachisilamu dzina lake Che Amidu, anandiyang'anitsitsa. "Mwanawe, Chichewa chakochi n'cha kuseri kwa phiri la Mulanje. Wasochera bwanji kuno?" Nditafotokoza anapukusa mutu. "Kumwamba kulibe zitunda, mwanawe. Kwera." Ananditula ku Limbe, nandipereka m'manja mwa mnzake wa matola a ku Phalombe.

Amayi ndinawapeza ali moyo. Mawu anali atatha, koma anandigwira dzanja osalisiya. Ndinawadwazika ndekha mpaka anatuluka, ndipo chaka chino alima nandolo.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira munthu wa chipembedzo china pamene wopemphera mnzanga ananditaya. Inu amene mwagwiritsidwa fuwa lamoto ndi anthu amene munawakhulupirira, musaleke kupemphera. Koma sindinama pamaso panu: adona aja sindinawakhululukirebe. Ndimayesa, mtima umakana. Pamenepo ndiye mundipempherere.