Matepi a bambo Dikiranikaye

Bwana mkulu, akuluakulu a nthambi zonse pachipatala pano, amayi akunyumba kwa amene tikutsanzikana nawo lero, ana ndi adzukulu, anzanga a pakaunta ndi a kulabu yoyezera magazi, ndi inu a pageti amene mukusuzumira pazenerapo: ndakulonjerani nonse.

Andipatsa mphindi zisanu. Kwa ine nzambiri. Paja mumanditcha Liwiro. Koma munthu amene ndikukamba za iyeyu, mphindi zisanu nzongopukutira magalasi.

Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso. Ife timawadziwa kuti a Dikiranikaye. Kompyuta yazima? “Dikirani kaye.” Pulinta ikutafuna mapepala? “Dikirani kaye.” Amayi, ndamva kuti pokufunsirani anadikira kaye zaka zitatu. Mwagwedeza mutu. Zinayi? Pepani, zinayi!

Chachiwiri chimene amadziwika nacho ndi tepi. Tepi ya pepala ija, ndi cholembera chakuda. Chilichonse mu ofesi yathu ya makompyuta chili ndi tepi yolembedwa tsiku. Mawaya, makiyi, ketulo. Mdzukulu wawo wandinong’oneza kuti kunyumba ngakhale babu la kubafa lili ndi tsiku lobadwa.

Ndinafufuza gwero lake. A pageti ndi amene anandiululira. Zaka makumi atatu zapitazo, bambowa ali ndi tsitsi, disiki imodzi inafa mu seva, kompyuta yaikulu ija yosunga kaundula wa chipatala chonse. Iwo analowa monyadira, nazula disiki. Anazula yamoyo, yakufayo n’kuisiya! Chipatala chinabwerera ku makope sabata yathunthu. Kuchokera tsiku limenelo, sagwira chinthu chopanda tepi.

Tsopano ya ine. Bwana mkulu, nkhani iyi simuidziwa. Mundimvere mpaka kumapeto musanaitane a pageti.

Ndinabwera chaka chatha, digiri ikadali yotentha. Ndinali pa miyezi yoyesedwa ntchito. Nditalowa m’chipinda cha seva n’kuona matepi paliponse, ndinati mumtima, kuno nkosungirako zakale. Mwezi wachiwiri bambowa anapita kutchuthi. Pochoka anandiuza mawu awiri okha: “Uziwerenga matepi.” Ine Lolemba m’mawa ndinamatula onse. Ndinadzaza bini. Chipinda chinawala. Ndinajambula ndi chithunzi.

Lachitatu seva inayamba ulesi. Kutsegula fayilo ya wodwala, msangamsanga. Koma kusunga? A pakaunta, mukukumbukira. Munkadina, n’kupita kukamwa madzi, n’kubwerako, kachizindikiro kakuzungulirabe. Mzere unafika pamalo oimika magalimoto. A kulabu anayamba kulemba zotsatira za magazi m’manja.

Ndinayang’ana madisiki onse asanu ndi imodzi, aja amagwira ntchito pamodzi ngati imodzi, amene timati RAID. Magetsi ake onse obiriwira. Mawaya ali bwino. Malo alipo ambiri. Ndinazimitsa n’kuyatsa kawiri. Palibe. Ndiye ndinakulemberani kalata ya masamba asanu ndi anayi, bwana, yoti seva yakalamba, tigule ina.

Lachisanu ndinapeza chinachake. Madisiki aja ali ndi khadi yowayang’anira. Khadiyo ili ngati kalaliki wokhala ndi thireyi. Mukampatsa pepala amaliponya m’thireyi, n’kukuuzani kuti “ndalandira, pitani,” ndipo amalowetsa m’kabati pambuyo pake. Ndiye kufulumira kwake kumeneko. Ndinaona kuti khadi yathu yasiya kugwiritsa ntchito thireyi. Pepala lililonse inkalipititsa yokha kukabati, inu mutaima. Ndipo panali batani loikakamiza kuti ibwerere kuthireyi. Ndinasangalala. Ndinadziona kale pampando wa bambowa.

Chala chili m’mwamba, ndinamva kumbuyo kwanga: “Dikira kaye.”

Anali atavala masilipasi. A pakaunta anali atawaimbira foni mobisa. Sanayang’ane kompyuta. Anayang’ana chitseko cha seva, choyera bwino, n’kufunsa kuti, “Mwanawe, tepi yanga ili kuti?”

Mwamwayi bini ya m’chipinda chimenecho saitaya wina koma ife. Ndinagwada, ine wa digiri, kufukula. Ndinaipeza itamatirira ku khoko la nthochi. Anali atailemba asanapite kutchuthi kuti: “Kabatire ka khadi. Kasinthidwe mwezi uno. Katsopano kali m’dirowa yachiwiri.”

Anakhala pansi n’kundifotokozera. Thireyi ija imakumbukira zinthu pokhapokha pali moto. Magetsi akathima, kabatire ndi kamene kamasunga zili m’menemo. Kabatire katafa, khadi inakana kunamiza anthu kuti yasunga zinthu isanasunge. “Si ulesi umenewu,” anatero. “Ndi chilungamo. Iwe umafuna uiphunzitse bodza.”

Tinasintha kabatire pa nthawi ya nkhomaliro. Anati kafunika maola angapo kuti kadzaze moto, ndiye tidikire kaye. Cha m’ma 3 koloko magetsi anathima, ndipo jenereta yathu mukuidziwa, imayamba yatsokomola kaye. Seva inazima. Itayaka, palibe chinatayika, ngakhale dzina limodzi. Ndikanadina batani lija, zotsatira za odwala zikanapita ndi mphepo, mwinanso kaundula yense kusokonekera. Ineyo bwenzi pano ndikugulitsa makava a foni.

Bwana, munabwera kudzafunsa chimene chinavuta. Bambowa anayankha kuti, “Kabatire kanatha. Ine ndi mnzangayu tasintha.” Basi. Za bini sanatchule. Kalata yanga ya masamba asanu ndi anayi anaipempha kwa inu kuti akaiwerenge, ndipo mpaka lero ikuchirikiza mwendo wa tebulo lawo. Mwezi wotsatira munandilemba ntchito yokhazikika.

Bambo, zikomo. Zaka makumi atatu ndi ziwiri mwasunga mayina a anthu amene sadzakudziwani n’komwe. Munandisungiranso ine ntchito, ndi ulemu womwe, pa tsiku limene sindinayenere chilichonse mwa ziwirizi. Munanditcha mnzanu manja anga akununkha nthochi.

Musaganize kuti ndasintha kwambiri. Seva yatsopano ndikuifunabe, bwana, ndipo kalata ina ikubwera Lolemba. Koma ikadzafika, chinthu choyamba kuikidwapo chidzakhala tepi.

Ndabwera nayo ina pano. Bambo, taimirirani. Dikirani kaye, musasunthe, ndimate bwino pathumba la jeketeli. Amayi, tawerengerani anthu. Mwamva? “Wapuma lero. Asayatsidwenso. Osamuimbira foni.” A pakaunta, mawu omalizawo ndi anu.

Pitani mukapume, bambo. Mukagone mpaka dzuwa litakwera, mukasewere ndi adzukulu, mukamate matepi pa nkhuku zonse. Kabatire kotsatira nkosintha m’chaka cha mawa, mwezi wachitatu. Ndawerenga.

Tsopano nonse imirirani. Lero lokha palibe kudikira kaye. M’manja mwa bambo athu!