Zikwama Zazigamba

Pamzere wa petulo ku Birdsville, Darcy anatsika panjinga yake yamoto ya mabokosi achitsulo n'kumayang'anitsitsa njinga ya mayi wina wotsimphina.

"Mayi, m'chipululu muno ndi zikwama zansalu? Zazigambanso?"

"Zigambazo ndi ntchito ya dingo, galu wam'tchire wakuno, achimwene. Anamva fungo la soseji."

"Bwanji osagula mabokosi ngati angawa? Palibe galu angaboole."

"Ndinali nawo. Njinga itaterereka mumchenga ndinaponda pansi, bokosi n'kundipana mwendo. Thyo!"

"Aa! Inetu ndikulowera kumchenga komweko lero. Zansaluzo sizipana?"

"N'zofewa ngati pilo."

"Nanga dingoyo akabweranso?"

"Abwere. Soseji ndinagula ina tsiku lomwelo. Inuyo mukakapeza sitolo yogulitsa miyendo, mudzandiuze."