Ndinkathimitsa Makina Pakhoma

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni nonse. Ine ndine Banda wa ku Zengeza 3 kuno ku Chitungwiza, ndipo ndikufuna kuchitira umboni za nthawi imene ntchito yanga inatsala pang'ono kutha chifukwa cha mawu ochepa amene sindinkawadziwa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndinali makanika pa galaja ina ku Harare. Abwana anagula makina a kompyuta opimira matenda a injini, nanena kuti aliyense awaphunzire. Tinkalumikiza mawaya ku galimoto, ndipo pagalasi la makinawo pankatuluka mawu. Chingerezi chogulira sipeya ndinkachidziwa, koma menyu, kesa, enta ndi data zinali zachilendo. Kufunsa ndinkachita manyazi, munthu wa imvi ngati ine. Ndiye ndikasokonezeka, ndinkangothimitsa makinawo pakhoma n'kuyatsanso, osadziwa kuti zonse zimene apima zikufufutika.

Tsiku lina foromani wathu, Mshona, anandipezerera dzanja lili pa switchi.

"Mudhara Banda, ndimi?" anatero m'Chishona, kutanthauza kuti, "Mdala Banda, kani ndinu mumathimitsa makinawa?" Anandiuza kuti pakutha kwa mwezi adzandiyesa, ndipo ndikalephera ntchito yatha.

Ndinachita mantha kwambiri. Anzanga Achishona ntchito ikatha amapita kumudzi kukalima. Ine bambo anga anachoka ku Malawi ali mnyamata, ndipo anamwalira pafamu ya mzungu. Ndinalibe munda, ndinalibe mudzi, koma ana asanu ndi mkazi. Ngakhale chakudya sichinkalowa.

Lamulungu ndinaimirira mu tchalitchi kupempha mapemphero. Ndinangoti "mavuto a kuntchito", chifukwa ngakhale pamaso pa Mulungu kunyada kunali kusanandichoke. Titatuluka anandiimitsa Mayi Mwale, mayi wamasiye amene ankataipa pa ofesi ina m'tauni. Ndivomere kuti ndinkawaona ngati odzimva chifukwa cha magalasi awo ndi nsapato za gogoda.

"Bambo Banda, mavutowo alibe dzina?" anandifunsa.

Ndinawauza zonse, maso ali pansi. Sanaseke. Loweruka anabwera kunyumba ndi katoni ya sopo, naing'amba, najambulapo mabatani onse a kiyibodi. Tinakhala pakhonde, mkazi wanga ali pomwepo. Anati menyu ndi mndandanda wa ntchito zimene makina angachite, iwe n'kusankhapo imodzi. Kesa ndi kachizindikiro kophethira kosonyeza pamene uli. Enta ndi batani lovomereza zimene wasankha. Data ndi zonse zimene makina apima, ndipo zimafunika kuzisunga usanathimitse. Pamenepo ndinazindikira ntchito ya anzanga imene ndinkaiwononga, ndipo zinandipweteka mumtima.

Maloweruka atatu ndinakhala ndikudina katoni ndi zala zakuda ndi girisi. Anthu odutsa ankati Banda wazungulira mutu. Ndinkangoti asiyeni aseke, ana ndi anga.

Tsiku loyesedwa ndinalumikiza mawaya, ndinasankha pa menyu, ndinadina enta, manambala anabwera bwinobwino. Kenaka pagalasi panatuluka mawu amene pa katoni panalibe. Ndinapemphera chamumtima kuti Ambuye agwire dzanja langa, ndipo ndinatembenuka.

"A foromani, mawu awa sindikuwadziwa. Akutanthauza chiyani?"

Anayang'ana galasi nthawi yaitali. Kenaka anakanda mutu, napita kukatenga buku la makinawo mu ofesi, chifukwa nawonso sankawadziwa. Tinawafufuza limodzi, mitu itagundana, mpaka tinawapeza. Za kuchotsedwa ntchito sanazitchulenso, ndipo ndinagwira ntchito pa galaja ija mpaka kupuma.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene ndinkamunyoza. Mayi Mwale anatisiya kale, ndipo ndimamva chisoni kuti sindinawapepese ali moyo. Inu amene mwapanikizika lero, musataye mtima, pitirizani kupemphera. Koma mukaimirira kupempha mapemphero, litchuleni vuto lanu ndi dzina lake, pakuti mwina amene akudziwa yankho wakhala pa benchi ya kumbuyo kwanu.