Dalaivala Amene Anandigunda Anandiikira Umboni

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Dzina langa ndine Esinala, kwathu ndi ku Chikwawa koma ndimakhala ku Mbayani. Ndikufuna ndikuuzeni za ngozi imene inandithyola mwendo, ndi zimene zinanditsatira pambuyo pake, zomwe zinandipweteka kuposa mwendowo.

Ndinkagwira ntchito yophikira ana pasukulu ina ya mkaka ku Naperi. Tsiku lina m'mawa nditaima m'mbali mwa msewu pa Chichiri, minibasi yochokera ku Limbe inasiya msewu n'kudzandiwomba. Ndinatsitsimukira kuchipatala, mwendo atauika zitsulo. Adokotala anati ndidzayendanso, koma zoimirira tsiku lonse kukhitchini ndiiwale. Ntchito inathera pomwepo, ine mayi wamasiye wa ana atatu.

Nditatuluka m'chipatala, azimayi a kumpingo anandiuza kuti munthu wovulazidwa pamsewu amayenera kulandira chipukuta misozi kuchokera ku inshuwalansi ya galimotoyo. Ndinanyamuka ndi ndodo zanga mpaka kuofesi ya inshuwalansiyo m'tauni. Anati mwini minibasi anawauza kuti ndinalowa ndekha mumsewu ndikuyankhula pafoni, komanso kuti nkhaniyo tinathana kale pachibale. Ndinafunsa kuti anathana ndi ndani, ine ndili chigonere kuchipatala. Anatchula dzina la alamu anga, achimwene awo a malemu amuna anga.

Nditawafunsa alamuwo, sanakane n'komwe. Anangoti, "Mlamu, zamakhoti n'za anthu olemera. Kangachepe kamene anatipatsa kaja tinagulira zakudya zimene tinkakubweretserani kuchipatala." Munthu yemweyu ndi amene ankagwada pambali pa bedi langa kundipempherera.

Anthu anayamba kundiuza kuti poti wachibale analandira kale ndalama, mlandu unafa. Ena anati loya adzandidyera zonse. Ndinasiya kupita kutchalitchi, chakudya sichinkalowa, ndipo pemphero langa linatsala limodzi lokha: Ambuye, inu munalipo pamsewu paja, munaona.

Tsiku lina masana kunabwera bambo wina wovala kofia, n'kuima pakhomo panga. Anati dzina lawo ndi a Yusufu, ndipo anawonjezera kuti, "Mayi, amene ndinkayendetsa minibasi ija ndine." Iwo anapitiriza kuti, "Mabuleki anali akufa, abwana ndinawauza kangapo koma sanakonze. Ndamva pasiteji zimene akukunenerani. Ine ndimaswali, ndikatseka pakamwa ndikamuyankha chiyani Mulungu?"

Abale anga, ndinali nditamutemberera munthu ameneyu mumtima kwa miyezi, nkhope yake osaidziwa. Koma ndiye amene anapita yekha kupolisi kukanena zoona, akudziwa kuti ntchito imuthera komanso kuti nayenso akhoza kuimbidwa mlandu. Ntchitoyo inathadi. Anandiperekezanso kuofesi ina yothandiza anthu osauka pa milandu, kumene ndinakumana ndi loya wachizimayi.

Loyayo anandiuza kuti zimene analandira alamu anga sizikundimanga ine, chifukwa sindinawatume ndiponso sindinasaine paliponse. Anandituma kukatenga lipoti la kupolisi ndi la kuchipatala. Anandichenjezanso kuti nkhani zotere zili ndi nthawi yake, munthu ukachedwa kwambiri khoti silikumveranso. Ndinachita mantha poganiza kuti ndikanangokhala m'nyumba n'kumalira, mwayi ukanandidutsa osadziwa.

Nkhaniyo inatenga nthawi, maulendo a kukhoti anali ambiri ndipo mwendo unkatupa. Koma pomaliza khoti linagamula kuti ine ndinalibe cholakwa, a inshuwalansi n'kulipira. Ndinagula makina osokera, pano ndimagwira ntchito nditakhala pansi, ndipo ana anga abwerera kusukulu. A Yusufu anapeza ntchito ina yoyendetsa lole ku Limbe.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalole kuti bodza lindikwirire. Inu amene mwavulala, anthu n'kumakuuzani kuti palibe chimene mungachite, musafooke. Pempherani, komanso dzukani mukafunse kwa odziwa malamulo nthawi isanathe, ndipo musalole wina akuyankhulireni inu musanamutume. Inenso muzindikumbukira m'mapemphero. Amene anandithyola mwendo ndinawakhululukira kale, koma alamu anga ndikawaona panjira, mtima umandilemerabe.