Katoni Imene Ndinafuna Kuyatsira Moto

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Nabanda wa ku Mavwere, mlimi wa mtedza. Lero ndabwera ndi umboni, ndipo sindibisa: vuto langa silinali matenda kapena njala, linali pakamwa pangapa. Ndinatsala pang'ono kupasula banja la mwana wanga chifukwa cha foni.

Foniyo ananditumizira mwana wanga wamkazi wa ku Lilongwe. Tsiku limene inafika ndinatenga katoni yake kuti ndiyatsire moto, koma mpongozi wanga Esinati, mkazi wa mwana wanga Yohane, anandigwira dzanja. "Amayi, musawotche, pali nambala yofunika apa." Ine ndinamuseka. Nambala ya pakatoni inathandizapo ndani? Iye anangoitenga n'kukaiika m'sutikesi mwake.

Esinati anabwera kwathu pa chitengwa, kuchokera ku Mkanda. Mwana wofatsa, wosayankhiza. Koma mukudziwa mmene timachitira, chinthu chikasowa pakhomo maso amayambira kwa wobwera.

Titakolola n'kuswa mtedza, tsiku lina tinkauthira m'matumba awiriwiri, ine ndi iyeyo. Yohane anakweza matumbawo pangolo n'kukagulitsa ku Kamwendo. Ndikuti ndimuimbire Yohaneyo, foni palibe! Tinaiimbira, inkangolira osayankhidwa, mawa lake inali yozima. Ndinati basi, mbava yazimitsa. Ndipo pamjigo, azimayi ali thoo ndi zidebe, ndinamuloza Esinati chala n'kumufunsa ngati kwawo amakula ndi zakuba. Mawu amenewo anatuluka pakamwa pa ine mayi wa mvano.

M'mawa mwake Esinati anatenga katoni ija, anakwera kabaza mpaka kupolisi, nakalembetsa kuti foni yasowa. Ine ndinati imeneyo ndi nzeru ya akuba, kudzionetsa oyera. Atabwerako anamanga katundu wake n'kubwerera ku Mkanda.

Abale, pakhomo panazizira. Yohane anasiya kudya kwanga, moni ankandipatsa akuyang'ana kumbali. Ankhoswe anayamba kuyenderana, ndipo a kuchikazi ananena poyera kuti mwana wawo sangabwerere kumudzi kumene amatchedwa wakuba. Ndinagula kafoni ka mabatani, nambala yanga n'kuibwezeretsa, koma mtendere ndinalibe. Ndinkapemphera tsiku ndi tsiku pemphero limodzi: "Mulungu, muyalutseni wolakwayo, anthu onse amuone." Mumtimamu ndinali nditamupeza kale wolakwayo.

Patatha mwezi ndi theka apolisi anandiimbira kuti ndipite. Ndinanyamuka ndi Yohane, ndikuyenda monyadira, ndikuti lero choonadi chioneka. Titalowa ndinapeza foni yanga ili patebulo, pambali pake pali mayi wina wosamudziwa, wogula mtedza pamsika. Anafotokoza kuti pokhuthula thumba kuti asankhe mtedza, foni inagwa pamphasa. Amagula kwa alimi ambirimbiri, sakanadziwa kuti thumbalo linali la yani. Anaitchaja, koma inali yokhoma ndipo laini yake inali itafa. "Anzanga amati ndigulitse," anatero, "koma ine ndinaopa Mulungu, n'kuibweretsa kupolisi kuno."

Wapolisi anatiuza kuti foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake yaitali, amati IMEI, imene sisintha ngakhale mutasintha simu. Anaiwerenga pafonipo, n'kuifananitsa ndi ya papepala limene anasunga. Inali imodzimodzi. Pepalalo linali la Esinati, nambalayo anaikopera pakatoni ija, ndipo pa mwini wake wa foni analembetsa dzina langa.

Pomwepo ndinakumbukira. Tsiku lija foni ndinaipisa pachifuwa monga timachitira azimayife, ndipo powerama kuthira mtedza inagwera m'thumba. Mayo ine! Pemphero langa linayankhidwa ndithu, wolakwa anayaluka, ndipo anali ine.

Mawa lake ndinagwira nkhuku n'kupita ku Mkanda. Ndinamupeza Esinati akusesa pabwalo, ndinagwada pafumbi pomwepo. "Apongozi, ndinakulakwirani."

"Amayi, dzukani, anthu akuona."

"Aone," ndinatero. "Pamjigo paja ankaonanso."

Analira, nane ndinalira. Nditabwerera kwathu ndinadikira nthawi imene pamjigo pamadzaza, ndinaima pamalo omwe aja n'kunena mokweza kuti mpongozi wanga si wakuba, wabodza ndinali ine. Ena anaseka, ndipo ndinawalola, kunali koyenera.

Esinati anabwerera patatha sabata ziwiri. Lero tikukhala bwino zedi, ndipo Yohane wayambanso kundipempha ndiwo. Ine ndikangoyamba kufunafuna chinthu, amaseka n'kuti, "Amayi, mwayang'ana m'thumba la mtedza?"

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mayi wa pamsika uja, amene akanatha kugulitsa foniyo popanda womufunsa. Inu amene mukunamiziridwa, musataye mtima, kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu a phuma ngati ine, gwirani pakamwa. Ndipo musawotche katoni ya foni. Yathu ikadali m'sutikesi mwa Esinati, ndinati asunge yekha, ine sindidzikhulupirira. Ambuye akudalitseni nonse.