Tsiku Limene Azakhali Anavina pa Ukwati wa Eni

Zaka zija zipani zitangochuluka, salaula, zovala zakaunjika zija, ndi makaseti zitasefukira m'misika, kuno ku Chawama kunachitika chinthu chimene ndikachikumbukira nthiti zimandiwawa ndi kuseka. Ikani kaye pansi mafoni anuwo, adzukulu, mumve.

Kale ukwati uliwonse unali ndi nyimbo yakeyake, ndipo wopeka ndinali ineyo ndi banjo yanga ya chigubu cha mafuta. Ndinkapita kwa eni ake n'kufunsa mfunda wawo, mudzi wawo, ngakhale zoseketsa za makolo awo, zonsezo n'kuziika m'nyimbo, mwakuti mayi ali ku mpopi ankadziwa kuti lero akukwatira ndi a kwa uje. Koma atabwera mavidiyo aliyense anafuna rumba imodzimodzi, masitepe amodzimodzi, madiresi a mtundu umodzi, monga mmene inu mumavinira zofanana pa mafonipo.

Ndiye Tisa, mwana wa mlongo wanga, anapeza mwamuna, dzina lake Yona Phiri, ndipo ine nyimbo ndinapeka, ya ng'ombe ya agogo a Yona imene inathawa ndi ngolo mpaka kumanda. Koma Tisa anandiuza m'maso muli gwa: "Ba malume, banjo ni vinthu vakudala, ise tifuna kaseti." Kunditchulira banjo yanga kuti ndi yachikale kunandiwawa, sindibisa, koma banjoyo ndinapita nayo ndithu, nditaikulunga m'chitenje.

Yonayo analeredwa ndi azakhali ake, ba Naphiri a ku Katete, ndipo analumbira kuti sadula keke iwo asanafike. Tsono Loweruka limenelo maukwati anali awiri, maholo ake moyang'anizana pa msewu umodzi. Ba Naphiri anatsika minibasi tambala ali m'khwapa, maso awo ofooka kale, ndipo atamva rumba n'kuona madiresi aja analowa ndi nthungululu. Kwa eni, adzukulu, kwa eni! Anavina, anadya, tambala n'kupereka kwa mkwatibwi wa eni.

Ife kuno mpunga ukuzizira, Yona akukana kudula keke, Tisa akulira, ndipo anthu anayamba kunong'ona kuti akuchimuna aukana ukwati. Ndinatuluka, ndipo mayi wootcha chimanga anandiuza kuti waona gogo wa tambala akulowa kutsidyako, koma nditapitako a pakhomo anandikaniza chifukwa ndinalibe khadi. Pamenepo ndinamasula chitenje, n'kuima pakati pa msewu, minibasi zikundiimbira mahutala, ndipo ndinaiyamba ya ng'ombe ija mwamphamvu.

Sindinafike n'pakati pomwe. Chitseko chinatseguka, ba Naphiri akutuluka akukokana tambala ndi mayi wa mkwatibwi uja, uku akufunsa kuti, "Ndani akuimba ng'ombe ya atate anga?" Tinawoloka nawo msewu tikuvina, holo yathu yonse inaimirira, kaseti inazimitsidwa, ndipo Tisa yemwe uja anandigwira mkono n'kunena kuti, "Ba malume, bwezani futi." Ndinaibwereza mpaka zala zinatupa, mtima uli mbee.

Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, adzukulu. Vinani za pa mafonizo, sindikuletsani, n'zokomadi, koma musungeko nyimbo imodzi yanuyanu, yoti wa kwanu akasochera aimve ali kutsidya la msewu n'kudziwa khomo.