Bulu wa Aphunzitsi Nubia Asazimitsidwe

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1968 ku Túquerres, m'banja la bambo Arcesio Chamorro ndi mayi Ligia Burbano, alimi a mbatatesi. Anapatsidwa dzina loti Nubia Esperanza. Ine ndaima pano ndine Hernando, mlongo wawo, ndipo mawu akandithawa mundikhululukire.

Sukulu anayambira komweko. Mu 1991 anamaliza maphunziro a uphunzitsi wa masamu kuno ku Pasto, ndipo mu 1994 anamanga banja ndi bambo Efraín Rosero, makaniko wa mabasi.

Mu 2009 sukulu yomwe ankaphunzitsa inalandira makompyuta akale ochokera m'maofesi. Malemu anaikamo pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta yonse. Koma mtundu watsopano wa pulogalamuyo ukatuluka, oipanga ankati yayamba kuthamanga, pamene ana m'kalasi ankangoyang'anitsitsa galasi la kompyuta, kudikira kuti itseguke, mpaka belu kulira. Malemu atadandaula kwa opangawo, anafunsidwa kuti umboni uli kuti. Amene mumawadziwa achemwali anga mukudziwa kuti apo anaputa mavu m'khomola.

Mu 2011 anatsegula tsamba la pa intaneti. Anagula kompyuta yokalamba ngati za kusukulu zija, naiika pakona kuchipinda kwawo, naitcha Bulu. Loweruka lililonse m'mawa Bulu ankapatsidwa ntchito zomwezomwezo, n'kutumiza patsambapo nthawi yomwe watenga. Aphunzitsi ndi okonza makompyuta a m'mizinda ya kutali ngati El Alto, Oaxaca ndi Holguín anayamba kutumiza zawo, ndipo zaka zitaunjikana aliyense ankadzionera ngati pulogalamu ikupepuka kapena ikulemera.

Lamulo lawo linali limodzi: Bulu asasinthidwe kanthu, ngakhale kasikuluwu, ndipo asazimitsidwe, chifukwa sikelo ukamaisinthasintha suidziwanso mbatatesi yako. Amene anazunzika ndi lamuloli ndi alamu anga a Efraín. Fani ya Bulu inkalira ngati chigayo, iwo n'kumadandaula kuti anakwatira mkazi mmodzi koma akusunga awiri, winayo wankonono. Akangonyamula sikuludiraiva, malemu ankati, "Bambo, ngati manja akukuyabwani, pitani mukamasule basi."

Mu 2016 zotsatira za Bulu ndi anzake zinaonetsa kuti mtundu wina watsopano ukufooketsa makompyuta akale. Opanga aja anavomera, nakonza. Ana ambiri omwe sanawaonepo nkhope a Nubia anaphunzira pa makina omwe akanatayidwa.

Mu Febuluwale 2023 anayamba kutopa msanga. Apa ndiye mtima ukundiwawa, abale. Munthu amene ankatiphunzitsa kuti kufooka kwa pang'onopang'ono sikuoneka ndi maso, yekha ankati ndi masitepe a kusukulu chabe. Pofika kuchipatala mu Juni, khansa inali itafalikira. Anatisiya Lachisanu pa 20 Okutobala 2023, ali ndi zaka 55.

Dzulo m'mawa, thupi lawo lili pabalaza, Bulu anagwira ntchito yake ya Loweruka natumiza zotsatira m'dzina la mwini wake, monga anamukonzera. Mphunzitsi wina wa ku Oaxaca, posadziwa, analemba kuti, "Zikomo aphunzitsi, ndiye kuti mwapezako bwino eti?" Mwana wa malemu, Yamile, atawerenga analira, nathamangira kuchipinda kuti akazule chingwe cha Bulu. Anapeza bambo ake atakhala pansi, atatsamira Bulu. A Efraín, omwe zaka zonsezi ankalakalaka kumukhalitsa chete, anangoti, "Msiye, mwanawe. Akatonthola uyu, nyumba ino ndiitha bwanji?"

Malemu asiya amuna awo a Efraín, ana awiri, Yamile ndi Wilmer, mdzukulu mmodzi, Salomé, mayi athu okalamba a Ligia, ndi ife alongo awo atatu.

Tikuthokoza anamwino omwe anawasamalira, aphunzitsi anzawo, madalaivala omwe atipatsa mabasi, amayi omwe atiphikira khofi, ndi inu a kutali omwe mwadzaza tsamba lija ndi mauthenga. Wilmer walonjeza kuti tsambalo lipitirira.

Banja lili ndi pempho limodzi. Mukamabwera kunyumba ku mapemphero a novena, a masiku asanu ndi anayi aja, musazule chingwe cha pakona kuti mutchaje foni. Phokoso mulimvelo ndi lomwe latsala lowaperekeza alamu anga.

Achemwali Nubia, ntchito mwaisiya ikuyenda. Pumani tsopano, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.